Kalata kwa mphwanga: mbiri ya Action Comics nambala 1

Wokondedwa mphwanga,

Kalata ino ikufotokoza mbiri ya kabuku kamene kanabweretsa Superman poyera, kamene ndi Action Comics nambala 1. Kanatuluka ku America mu Epulo 1938, ngakhale kuti pachikuto panalembedwa mwezi wa Juni, ndipo kankagulitsidwa pa mtengo wa masenti 10. Mabuku a mtundu umenewu, amene kwawoko amawatcha comic book, amafotokoza nthano kudzera m'zithunzi zojambulidwa motsatizana m'timabokosi, ndipo mawu a anthu olankhula amalembedwa pamwamba pa mitu yawo.

Eni nthanoyi anali anyamata awiri a mumzinda wa Cleveland, Jerry Siegel wolemba ndi Joe Shuster wojambula, onse obadwa mu 1914 m'mabanja a Ayuda obwera kuchokera ku Ulaya. Kwa zaka zingapo ankayenda nayo kwa eni nyuzipepala amene ankaikana, mpaka pamene mkonzi Vin Sullivan, pofuna nkhani yodzazira magazini yatsopano, anaitenga. Popeza zithunzizo zinakonzedwera nyuzipepala, anazidula n'kuzimata kuti zikwane masamba 13, n'chifukwa chake nthanoyo imathamanga ndi kudumphadumpha ngati yoyambira pakati.

Chofunika kwambiri m'kabukuka ndi khalidwe la Superman woyambayo, pakuti amasiyana ndi amene amaoneka m'mafilimu lero. Sankauluka, koma ankadumpha mtunda wa mamita pafupifupi 200. Dziko limene anachokera silinatchulidwe dzina, ndipo ali khanda anasiyidwa kunyumba yosungira ana amasiye. Adani ake sanali zilombo zakuthambo, koma anthu wamba ozunza anzawo. Usiku amathyola chitseko cha bwanamkubwa kuti apulumutse Evelyn Curry, mayi amene anatsala pang'ono kuphedwa pa mlandu umene sanapalamule. Kenaka amakhaulitsa mwamuna womenya mkazi wake, amalanditsa mtolankhani Lois Lane kwa zigawenga, ndipo pomaliza amafika ku Washington kukagwira munthu wa katangale amene ankanyengerera phungu. Zimenezi zinalembedwa pamene America anali pa mavuto aakulu azachuma ndipo anthu mamiliyoni anali pa ulova, choncho n'zomveka kuti owerenga anakonda ngwazi yoimira osauka ndi opanda wowalankhulira. Mphamvu ya kabukuka ili pamenepa, osati pa galimoto yobiriwira imene Superman akuinyamula pachikuto.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anyamata amene analenga mtetezi wa oponderezedwa analibe wowateteza. Anagulitsa umwini wonse wa Superman kwa kampani ya Detective Comics pa madola 130 okha, kutanthauza madola 10 pa tsamba lililonse, ndipo pamene anakasuma mu 1947 kuti umwiniwo uwabwerere, anachotsedwa ntchito ndipo mayina awo anafafanizidwa m'mabukuwo. Shuster, amene maso ake ankafooka chaka ndi chaka, anakhala mu umphawi kwa nthawi yaitali. Munali mu 1975, atadzudzulidwa kwambiri ndi olemba ndi ojambula ena, pamene eni kampaniyo anavomera kupatsa aliyense wa awiriwo madola 20,000 pachaka ndi kubwezeretsa mayina awo.

Makope pafupifupi 200,000 anasindikizidwa, koma chifukwa pepala lake linali lotsika mtengo ndipo ana ankawerenga n'kutaya, otsala lero akuganiziridwa kuti ndi pafupifupi 100. Kope limodzi linagulidwa pa madola 6 miliyoni mu 2024. Siegel ndi Shuster sanazione zimenezi, pakuti Shuster anamwalira mu 1992 ndipo Siegel anatsatira mu 1996.

Mphwanga, filimu ya Superman ikamayamba, uziyang'anitsitsa mayina awiri amenewa pamene akuonetsedwa, ndipo uziwatchula kwa anzako.

Mkulu wako.