Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Tsiku lomwe ndinasiya ntchito ya muofesi kuti ndizidyera cholembera, amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati: "Mphwanga, kusiya malipiro a pamwezi chifukwa cha ndakatulo? Wapenga kapena akulodza?" Ndinangoti kukamwa yasa, yankho osalipeza. Ndinadzalipeza patapita miyezi, usiku wina magetsi atazima, ndikuonera pafoni kanema wakale wa kamunthu kakafupi ka ku America, Barry Sanders.

Mpira wa ku America si wathu uja wa miyendo ayi. Mpirawo ndi wosongoka uku ndi uku, ndipo amaunyamula m'manja. Udindo wa Sanders unali wa running back: kulandira mpira n'kuthamanga nawo pakati pa zimphona zofuna kumugwetsa. Akamayesa munthu wotere amawerenga mayadi omwe wadutsa.

Mnyamatayu anabadwira ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, mu 1968. Ku yunivesite ya Oklahoma State anatha zaka ziwiri akudikira panja, poti malowo anali a Thurman Thomas. Thomas atachoka, mu 1988 Sanders anathamanga mayadi 2,628 m'masewero 11 okha, n'kulandira Heisman Trophy, mphotho ya katswiri woposa onse m'makoleji. Chaka chotsatira timu ya Detroit Lions inamutenga.

Abale anzanga, kathamangidwe kake n'kofunika kuona ndi maso. Akafika pomwe anthu atchinga, amaima njii, kubwerera m'mbuyo, kupotoloka ngati kalulu, omugwira n'kumagundana okhaokha. Nthawi zina kubwerera kumeneko kunkamutayitsa mayadi, koma sanasiye. Akagoletsa sankavina, ankangopereka mpira kwa oyimbira n'kumapita.

Pamasewero omaliza a chaka chake choyamba, anatsala ndi mayadi 10 okha kuti apeze Christian Okoye, wobadwira ku Nigeria, yemwe ankatsogola. Anamufunsa ngati angalowenso. Iye anakana, popeza timu inali itapambana kale.

Mu 1997 anathamanga mayadi 2,053. Pofika mu 1999 anali ndi mayadi 15,269, kutsala 1,457 kuti afike pa Walter Payton, yemwe panthawiyo anali pamwamba pa onse. Chaka chimodzi chikanakwana. M'malo mwake, mu July chaka chomwecho anatumiza kalata pa fakisi ku nyuzipepala ya kwawo ku Wichita kulengeza kuti wasiya, n'kukwera ndege ya ku London. Anali ndi zaka 31, miyendo ili bwinobwino.

Ochemerera anakwiya zedi. Ena ankati wathawa. Koma taganizani: zaka 10 akugundidwa sabata ndi sabata, timu yake inapambanako kamodzi kokha m'masewero a ndime yochotsana, mu January 1992. Iye anangonena kuti mtima wofuna kuchoka unali utaposa wofuna kukhala.

Ine sindine Barry Sanders. Sindinasiye mamiliyoni, ndinasiya tebulo, mpando ndi bwana yemwe ankandilembetsa malipoti osawerengedwa ndi munthu. Miyezi ina eni nyumba amagogoda ndisanalandire kanthu, ndipo pamenepo mawu a amalume amandilira m'makutu. Mwina anali kunena zoona. Koma chomwe ndinachizindikira usiku umene uja n'choti oonerera amawerenga mayadi otsala, pomwe mwini thupi amadziwa kulemera kwa phazi lililonse m'mawa akamapita kuntchito.

Mu 2023 anthu a ku Detroit omwewo anamuimikira chiboliboli pabwalo lawo la Ford Field. Nkhaniyi nditawasimbira amalume, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye iweyo chiboliboli chako adzachiimika pati, padepoti?" Kenaka anapisa m'thumba, n'kundipatsa ya minibasi, nati ndidzawabweretsere nyuzi yomwe mwatuluka nkhani yanga.