Che, Abiti ndi A: Timawu Tosenza Ulemu kwa Kalembo

Kalekale kwa Kalembo dzina la munthu wamkulu silinkayenda lokha. Patsogolo pake pankakhala kamawu kakang'ono, ndipo kamawuko ndi kamene kankasonyeza ngati woitanayo analeredwa kapena anangokula. Bambo wa Chiyao ankakhala Che Uje, mayi ankaitanidwa kuti Abiti Uje, potchula dzina la bambo wake. Achewa ndi Angoni ankati a Phiri, a Banda, ndipo mayi ankakhala Naphiri kapena Nabanda. Mwana akaiwala timawu timeneti, funso linali limodzi: "Kodi amenewa ndi anzako osewera nawo?"

Mnyamata akatuluka ku ndagala, jando itatha, ankabwera ndi dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina la paubwana kunali kumunyoza. Moni nawo unkasiyanitsa anthu. "Wadzuka bwanji?" anali wa mwana. Wamkulu, ngakhale ali yekhayekha, ankalandira "Mwadzuka bwanji?" ngati kuti alipo ambiri.

Kusukulu timawu toikidwa kumayambiriro kwa tsinde la mawu timatchedwa aphatikiram'mbuyo. Ana ankaloweza magulu a mayina mokuwa: Mu-A, Mu-Mi, Chi-Zi, Ka-Ti. Koma agogo amene sanapondeko m'kalasi ankaidziwa bwino mphamvu ya timawuti. Tsinde ndi limodzi, koma munthu, kamunthu, chimunthu ndi umunthu ndi zinthu zinayi zosiyana. Mkamwini amene wangomanga kumene, nyumba yake ukaitchula kanyumba, wamuchepetsa. Mwana wa mnansi ukamutchula chimwana, ukonzekere kukambirana ndi amake.

Ngakhale mbiri ya dziko inadutsa pomwepa. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa n'kuchisandutsa chiyankhulo cha dziko. Tsinde linasintha, koma chi- anakhala pomwepo, monga alili mu Chiyao, Chilomwe ndi Chisena. Mu 1972 boma linakhazikitsa Chichewa Board kuti izikonza malamulo a kalembedwe, ndipo mu 1996 ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Chiyao sichinkaphunzitsidwa ngati phunziro, komabe Che analowa m'Chichewa mwakachetechete. Tikamati achemwali timakhala tasanjikiza maulemu awiri, a wa Chichewa pamwamba pa che wa Chiyao.

Mu 1998 Balaka inachoka pansi pa Machinga n'kukhala boma palokha. Malire anasintha, koma pakamwa pa anthu sipanasinthe. Mpaka lero timati ku Balaka, ku Liwonde, pa Ulongwe, koma kwa Kalembo. Kamawu kakuti kwa kamakumbutsa kuti dera ili lili ndi mwini wake, mfumu.

Nanga lero? Fomu ya chiphaso cha unzika, chimene Amalawi analembetsa mwaunyinji mu 2017, imafuna dzina loyamba ndi la bambo. Malo a Che palibe. M'foni mayina amasungidwa osavala, bola akwane. Achinyamata, ena obwerera kuchokera ku Joni, bambo amati madala, mayi amati masteni, aliyense wooneka kuti ali ndi kangachepe ndi bosi. Pa WhatsApp mdzukulu amalembera amalume ake kuti "uli bho?" osaona cholakwika.

Sikuti aphatikiram'mbuyo atha ayi. Imani pamsika wa Ulongwe, m'mbali mwa msewu wa ku Mangochi, mumve. Wakabaza akuitanira wokwera, mayi akusankha malaya pa kaunjika, utsi wa kanyenya uli tolotolo, wina akudandaula kuti timaunitsi tamuthera ndiye angofulasha. Mawu achilendo akangofika timawaveka ma-, ka-, ti- ndi ku-, basi asanduka athu. Amene akufooka ndi aja osenza ulemu okha.

Kubwezeretsa ulemuwu sikufuna ndalama kapena lamulo la boma. Makolo, mwana akatchula wamkulu dzina lopanda a kapena Che, muwongoleni pomwepo, monga ankachitira agogo athu. Aphunzitsi, pophunzitsa magulu a mayina musalekere pa kuloweza kokha. Auzeni ana kusiyana kwa "bwera" ndi "bwerani", ndiponso chifukwa chake mayi wa pakhomo loyandikana nalo si Mariamu chabe koma Abiti Uje.