Loko Wadzimbiri pa Khwekhwelere

Amayi anzanga, mukamatsika mapiri a Khwekhwelere kuchokera ku Dedza, nyanja ya Malaŵi imaoneka patali ngati nsalu yoyanika, koma msewu wake ngwokhotakhota. Pamenepo mpomwe tayala la Land Rover yathu yakale linaphulikira, tikupita ku Mua. Tayala lapadera linalipo paboneti, koma loko wake anali atachita dzimbiri. Dzuŵa linkapendeka, mnzathu wina ali ndi khanda kumsana.

Adalaivala anafuna kukakamiza kiyi. Tinaŵaletsa, poti akanathyokera momwemo. Tinadontheza parafini wa nyali m'bowo la loko, nkudikira, nkumagogoda pang'onopang'ono ndi sipanala, kiyi tikumgwedeza uku ndi uku. Loko anatseguka, ndipo tinafika ku Golomoti kusanade.

Musananyamuke ulendo, akumbutseni abambo kuthira mafuta loko ameneyu. Inunso mtseguleni, muone nokha.