Dayi wa tsitsi adandiphunzitsa kudekha

Amayi anzanga, lero ndikufuna kukuuzani za manyazi anga omwe, pakuti wolangiza anzake ayenera kuvomera pamene iye mwini wapunthwa. Ine ndimatsogolera gulu la amayi kuno ku Area 47, ndipo kawirikawiri ndimalangiza anzanga za ukhondo ndi kasamalidwe ka pakhomo. Koma m'mwezi wa Okutobala 2024 ndidachita zimene ndimaletsa ena.

Chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi chidali Loweruka. Lolemba ndidawongoletsa tsitsi ku saluni. Lachinayi, podziyang'ana pa kalilole, ndidaona imvi zitayera mbee m'mbali mwa mutu, ndipo ndidaopa kuti akuchimuna adzandiyesa agogo ake a mwanayo. Ndidagula kapaketi ka dayi wakuda kwa wogulitsa wina m'mbali mwa msewu pafupi ndi Bwandilo, ndidasakaniza m'kapu yakale ndi kudzipaka ndekha. Pepala la malangizo sindidaliwerenge. Dayiyo ndidamusiya m'mutu ola lathunthu, poganiza kuti akakhalitsa adetsa bwino. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Nditatsuka ndidagwira pakamwa. Kutsogolo tsitsi lidada bii ngati kunsi kwa mphika, kumbuyo lidali lofiirira, ndipo lina lidatsalira pa chipeso. Pachipumi ndi m'makutu mudali mawanga akuda. Mnzanga woyandikana naye nyumba adati ndichotse ndi jiki, kapena ndigule dayi wina ndibwereze. Mwayi wanga, alamu anga amene adagwirapo ntchito ya unamwino adali atabwera kudzathandiza zophika.

"Alamu, musayerekeze," adatero. "Khungu lapsa kale, mukaonjezera mankhwala ena mulipweteka koposa."

Iwo adanditsuka m'mutu ndi madzi ambiri ofunda pang'ono ndi sopo wosambira, ndipo pa mawanga aja adapakapo Vaseline ndi kupukuta mosamala. Adandiuza kuti otsalawo adzachoka okha pakapita masiku ochepa.

Lachisanu m'mawa ndidadzuka zikope zitatupa, m'mutu mukuyabwa ndi kutuluka timadzi. Tidapita kuchipatala, kumene adandipatsa mankhwala akumwa ndi opaka. Adokotala adafotokoza kuti dayi wakuda wambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD amene matupi ena sagwirizana nawo, ndipo thupi likawakana kamodzi limawakana moyo wonse. Adatinso munthu akatupa nkhope, milomo kapena akayamba kubanika, athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuche.

Tsono, amayi anzanga, zolakwa zanga zidali zitatu. Choyamba, sindidayese dayiyo. Pafunika kupaka pang'ono kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa chigongono ndi kudikira maola 48. Pakayabwa, pakafiira kapena pakatupa, dayiyo atayidwe. Chachiwiri, ndidadaya tsitsi patangopita masiku atatu chiwongolereni, chonsecho pafunika kudikira masabata awiri chifukwa mankhwala owongolera amasiya tsitsi lofooka. Chachitatu, ndidapitirira nthawi yolembedwa pa pepala. Onjezerani izi: muziona tsiku lothera mphamvu pa paketi, muzivala magolovesi, ndiponso muzipaka Vaseline m'malire a tsitsi musanayambe.

Nanga chinkhoswe chija? Ndidamanga duku logwirizana ndi chitenje changa, ndi kukhala pamphasa pamodzi ndi azibale anga. Palibe adafunsa za tsitsi langa, maso onse adali pa ana athu. Zilonda zitapola ndidameta tsitsi lonse lowonongeka. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, choncho ndidayenda ndi duku miyezi ingapo, ndikudzola mafuta okha basi.

Pa msonkhano wa gulu lathu wotsatira ndidavula dukulo pamaso pa amayi onse ndi kuwafotokozera zonsezi. Ena adaseka, koma awiri adaulula kuti nawonso dayi amawayabwa m'mutu ndipo ankangopirira. Tidawalangiza kuti asiye ndi kukaonana ndi achipatala.

Sindikuletsa aliyense kudaya tsitsi. Kudzikongoletsa ndi khalidwe labwino la mayi. Ndikungoti mukalakwitsa musafulumire kukonza ndi mankhwala ena. Tsukani, dekhani, ndipo funsani odziwa. Ine imvi zanga zidamera zonse, ndipo mdzukulu wanga akadzayamba kuyankhula adzandiitana agogo ndi dzina loyenera.