Nsomba za Kumanzere

Funso lake linali la mizere iwiri basi. Mwana wa achemwali anga analiwerenga katatu, kenako anaika pensulo pakamwa n'kuyang'ana kunyanja ngati yankho likubwera pa bwato.

"Amalume, nanga za kumanja zinali zingati? Sananenetu."

Ndinatenga kope lake. Anali atakopera pabolodi: A fisherman had 240 fish. He sold 3/8 of them. How many fish were left? Ndinayamba kuseka, koma nditaona nkhope yake ndinasiya. Sankachita nthabwala. Liwu loti left iye ankalidziwa kuchokera pa asembule, poguba: left, right, left, right. Ndiye m'mutu mwake munali msodzi amene waunjika nsomba milu iwiri, wina kumanzere, wina kumanja.

Nthawi imeneyo n'kuti ndabwerera kwathu, kufupi ndi Chia, ntchito itandithera ku Lilongwe. Mayeso a Sitandade 8 anali atatsala miyezi itatu. Mtsikanayu ankabwereza kalasiyi, ndipo achemwali anandiuza mosabisa tsiku lomwe ndinafika: "Achimwene, inu munapita kusukulu. Mumuthandize mwanayu. Akalepheranso, bambo ake akuti basi azikayanika usipa pathandala." Sanawonjezere china, koma ndinali nditaona kale mkulu wina wogula nsomba amene ankamupatsa moni wautali mwanayu m'mawa uliwonse. Kudoko tonse timadziwa kumene moni wotero umathera.

Sabata yoyamba ndinaphunzitsa monga mmene anandiphunzitsira ineyo. Ndinalemba mndandanda pachikatoni: altogether ndiye kuphatikiza, left ndiye kuchotsera, share ndiye kugawa, more ndiye kuwonjezera. Analoweza tsiku limodzi. Ana ena atatu a pafupi anayamba kubwera, tikukhala pansi pa mtengo wa mango dzuwa likapendeka. Ndinkadzimva kuti ndine mphunzitsi weniweni.

Kenako ndinawapatsa funso ili: A girl has 45 mangoes. She has 12 more than her brother. How many mangoes does her brother have? Onse anayi analemba 57, mwachangu, monyadira. Ataona more anawonjezera, monga ndinawauzira. Yankho ndi 33. Amene analakwa pamenepa ndinali ine. Ndinawaphunzitsa kusaka liwu limodzi m'funso ngati munthu wotola mwala mumpunga, nkhani yonse n'kuitaya.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika kudoko, m'mawa wina. Alamu anga ndi mmodzi wa alovi pa bwato la chilimira. Tsiku limenelo anabwera ndi ndowa 14 za usipa, ndipo zinagulidwa pa K30,000 iliyonse. Akuluakulu ali mkati mokangana, mwana uja anaima pambali ndi beseni lake, milomo ikugwedera. Ndinamumva akunong'ona kuti zonse ndi K420,000, kuchotsa K60,000 ya mafuta kutsala K360,000, theka n'la mwini ukonde, ndiye K180,000 igawidwe kwa anthu 9. Anakoka malaya a bambo ake: "Ababa, musalandire yochepera K20,000." Ine n'kuti ndikutsegula kumene kakyuleta pafoni.

Kuchulukitsa, kuchotsera, theka, kugawa. Masitepe anayi, opanda pepala. Ameneyu ndiye mwana amene lipoti lake linkanena kuti masamu amamuvuta.

Musandimve molakwa, sindikuloza chala aphunzitsi ake. Chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994, pamene ana pafupifupi 1 miliyoni anawonjezekera m'sukulu chaka chimodzi, makalasi athu sanapumepo. Mphunzitsi mmodzi sangakhale pansi ndi mwana aliyense n'kumufunsa kuti liwu ili walimva bwanji. Mu 2014 boma linalengeza kuti Chingerezi chikhale chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, ndipo pepala la masamu la MANEB limabwera m'Chingerezi. Koma mwana wa kwathu akaweruka, Chingerezi chimatsala pageti. Kunyumba, kumsika, kumunda wa chinangwa, kumzikiti kapena kutchalitchi, moyo wake wonse ndi wa m'Chichewa. Choncho pa funso la masamu a nkhani amalemba mayeso awiri nthawi imodzi, ndipo akagwa pa Chingerezi timati wagwa masamu.

Chikatoni chija ndinakolezera moto. Tinayamba njira ina, ndipo lamulo loyamba linali lakuti pensulo ikhale pansi. Werengani funso kawiri. Kenako mundiuze nkhaniyo m'Chichewa, ngati mukuuza agogo amene sanapiteko kusukulu. Osatchula nambala kaye. Ndani ali m'nkhaniyi? Chachitika n'chiyani? Akufuna tipeze chiyani?

Poyamba zinkawavuta kwambiri. Anazolowera kuti masamu ndi kuthamangira manambala. Mnyamata wina anandifunsa kuti, "Ankolo, ndiye tikuphunzira Chichewa kapena masamu?" Koma titabwerera ku funso la mango lija, mtsikana wathu anati, "Mtsikanayu ali ndi mango ambiri kuposa mlongo wake." Ndinamufunsa kuti ndiye a mlongo wakeyo achuluka kapena achepa kuposa 45? Anakhala chete, kenako anadzimenya pachipumi. "Iii, achepa! Ndiye 57 yachokera kuti?"

Kuyambira pamenepo, tisanawerengere chilichonse tinkayamba talosera: yankho likhala lalikulu kapena laling'ono? Tikatero tinkajambula pamchenga. Nsomba 240 zija zinasanduka mzere wautali wodulidwa zigawo 8, chilichonse nsomba 30. Atatu mwa magawowo tinawafufuta ndi phazi, chifukwa agulitsidwa. Otsala asanu, nsomba 150. Palibe anafunsanso za kumanja.

Mafunso ena ankavuta chifukwa cha zinthu zimene anawa sanazionepo. Simple interest ankangoloweza fomula osadziwa kuti ikunena chiyani. Ndinawafunsa kuti mayi anu akatenga K10,000 ku banki m'khonde, amabweza yomweyo? Onse anakuwa kuti ayi, pamakhala chiwongoladzanja. Wina mpaka anafotokoza za katapila amene anadyetsa njinga ya amalume ake. Profit ndi loss sindinavutike nazo n'komwe. Mwana amene anaonapo usipa ukuwola pathandala chifukwa cha mvula ya masiku atatu amadziwa kuluza kuposa buku.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi la funso la bwato. Ndinalipeka ndekha: anthu 50 akufuna kuwoloka, bwato limanyamula anthu 12, lipita maulendo angati? Atatu analemba 4 remainder 2, n'kudula mzere pansi. Mtsikana wathu analemba chimodzimodzi, koma anayang'anitsitsa kope lake nthawi yaitali.

"Amalume, anthu awiriwa agona padoko?"

Anafufuta n'kulemba 5. Limeneli linakhala lamulo lathu lomaliza: ukapeza yankho, libwezere m'nkhani muja uone ngati likukwanamo. Ngati msodzi watsala ndi nsomba zambiri kuposa zimene anagwira, penapake pasokonekera.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Chingerezi cha zaka eyiti sungachikonze m'miyezi itatu. Panali mafunso amene ngakhale nkhani yake sankatha kuiyamba, chifukwa mawu osadziwika anali anayi m'chiganizo chimodzi. Tinatsegula tsamba kumapeto kwa kope, liwu lililonse latsopano tikulilemba pamodzi ndi chiganizo chonse chimene talipezamo, osati palokha ngati pachikatoni paja. Mnyamata uja anasiya kubwera mwezi wachiwiri. Anapeza malo pa bwato lina, ndipo ndinkamuona madzulo akukonza nyali, akundipewa maso. Masiku ena mtsikanayu ankafika atatopa, manja akununkha nsomba, n'kugona pakope.

M'mawa wa pepala la masamu kunali mwera. Mabwato onse anali pamtunda, nyanja ikuchita thovu. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu wa M5. Sindinadziwe choti ndimuuze, ndiye ndinangoti, "Pensulo pansi kaye." Anaseka n'kuthamangira anzake.

Atabwerako ndinamufunsa kuti zayenda bwanji. Anati mafunso awiri sanawamve n'komwe, anangolotera. Koma ena onse, akuti, ankawafotokozera agogo chamumtima, mpaka woyang'anira mayeso anamuyang'ana chifukwa milomo inkagwedera.

Zotsatira zitatuluka, dzina lake linali pa mndandanda wa opita ku CDSS yapafupi. Si sukulu ya national imene ana amailota, ndipo ayenda mtunda ndithu tsiku lililonse. Achemwali analira, alamu anangoti "chabwino" n'kupita kukasoka ukonde, koma madzulo ake anabwera ndi nsalu ya yunifolomu. Mkulu wogula nsomba uja masiku ano amapereka moni waufupi.

Ngati kwanu kuli mwana wa Sitandade 7 kapena 8 amene mumati masamu anamukana, mutumeni kumsika ndi K5,000 muone ngati angabwere ndi chenji yolakwika. Akabwera nayo yokwana, madzulo ano mutenge kope lake, mubise pensulo, mumuuze akufotokozereni funso limodzi m'chiyankhulo cha kwanu. Ine ndabwerera ku Lilongwe kukasaka ntchito, koma pansi pa mango paja pakumakhalabe ana. Akuwaphunzitsa ndi mtsikana wa Fomu 1, ndipo ndamva kuti ndi wovuta kuposa ine.