Za Ulendo wa ku Nyanja

Ife a kwa Dambe tinazolowera mphepo yozizira ya ku Mchinji, ndimo ambiri mwa ana athu sanaione Nyanja ndi maso ao. Tsono iye amene afuna kukapumula ku Senga Bay ayambe wawerenga mtengo wake.

Njira ipita pa Lilongwe, nitsikira ku Salima, kumene njanji inafika m'chaka cha 1935. Dzikolo ndi lotentha, la milambe ndi mchenga woyera, ndipo pafupi ndi gombe paoneka kachilumba ka Namalenje. Mahotela a kumeneko ngokongola ndithu, koma chipinda cha usiku umodzi chikhoza kudya matumba angapo a mtedza. Tisakongole ndalama chifukwa cha tulo.

Nyengo yabwino ndi September, zokolola zitagulitsidwa, pakuti mwera wa June ndi July uutsa mafunde, ndipo m'October mchenga uocha mapazi. Tinyamule masikito chifukwa cha udzudzu. Ana asasambe okha, ndiponso apewe madzi a m'bango, mobisala ng'ona ndi nkhono za likodzo. Tikatero tidzabwerera ndi usipa m'dengu, nkhokwe ili chiimire.