Chovala cha Usiku wa ku Tsangano

M'mwezi wa July tidagona m'galimoto masiku atatu ku Tsangano, tikudikira pamodzi ndi abale athu ogula mbatatesi kuti matumba akwane. Tidanyamula makanzu athonje ochapa bwino, poyesa kuti ulemu wa Swala wagona pa kuyera kwa nsalu kokha.

Usiku woyamba udatiphunzitsa zina. Thonje lidamwa thukuta la masana, ndipo mphepo ya m'mapiri a kumalire ndi Mozambique itayamba kuwomba, nsaluyo idazizira ngati mwala wa mumtsinje. Nthawi ya Fajr itakwana, tidazengereza kutuluka kukachita wudhu mpaka dzuwa lidatsala pang'ono kutuluka. Tidagwidwa manyazi, ife amene timadzudzula ana a ku madrasa akachedwa.

Kutacha tidapita pa kaunjika. Tidasankha malaya amkati ouma osinthira dzuwa likalowa, juzi yaubweya, chipewa, masokosi okhuthala, ndi jekete yotchinga mphepo ya manja osavuta kupinda posamba mikono. Kanzu tidaivala pamwamba pa juzi.

Chiyambire ulendowo, tisanafunse mtengo wa chovala timayamba tadzifunsa ngati chidzatilola kudzuka pa Fajr.